Kujambula ndi Kujambulitsa

Mwana wa achemwali anga anasiya kujambula chifukwa cha mawu awiri amene ndinamuyankha, ndipo mawu awiriwo anali oona. Nkhaniyi yakhala ikundizunguza mutu kuyambira tchuthi cha Khirisimasi, moti ndaona kuti ndi bwino ndiilembe, mwina poilemba ndiona pamene ndinaphonya. Funso lake ndi lakale kuposa makompyuta: kodi ndi liti pamene munthu anganene kuti "ichi ndapanga ndine" popanda kusocheretsa amene akumumva?

Timakhala ku Somabhula, kamudzi ka m'mbali mwa njanji, makilomita opitirira 30 kuchoka ku Gweru polowera ku Bulawayo. Dera lake ndi lathyathyathya, udzu ndi ng'ombe basi, ndi mphepo yolowa m'mafupa m'miyezi ya Juni ndi Julayi. Wofuna mapiri ayenera kupita ku Shurugwi kumene kuli migodi ya chrome, kapena kutsikira ku Zvishavane, tauni imene inakula chifukwa cha asibesitosi. Ife ndife adzukulu a anthu amene anachoka ku Nyasaland kudzafuna ntchito kuno. Pakhomo timayankhula Chichewa chothira Chishona ndi Chindebele, ndipo anzathu kusukulu ankatitcha Mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, ngakhale kuti agogo kwawo kunali ku Dedza.

Mnyamatayu ali ndi zaka 14. Masiku a tchuthi ankabwereka laputopu yanga n'kumasewera masewera a pa intaneti otchedwa Free Rider HD. Masewerawa ndi osavuta kuwamvetsa. Pa sikirini yoyera pamaoneka kamunthu ka mizere kali panjinga, ndipo ntchito yako ndi kukayendetsa panjira yojambulidwa ndi mizere yakuda: kupalasa, kugwira buleki, kuweramira kutsogolo kapena kumbuyo, mpaka utatola nyenyezi zonse zimene zaikidwa m'njiramo. Ukagunda mutu pansi wafa, uyambirenso. Ndi m'bale wake wa masewera ena otchedwa Line Rider, amene anapangidwa mu 2006 ndi Boštjan Čadež wa ku Slovenia. Chokoma chake n'chakuti njirazo amajambula ndi osewera eni ake, n'kuziika poyera kuti aliyense padziko lapansi aziyese.

Iye kupalasa sikunamukoke kwambiri. Chimene chinamugwira mtima ndi kujambula. Kwa milungu itatu, magetsi akalola, ankakhala pakhonde ndi mausi m'manja akukoka mzere umodziumodzi. Akajambula chitunda ankachiyesa, akagwa ankafufuta n'kukonza, n'kuyesanso. Kumbuyo kwa njirayo anajambula ndi mizere yotuwa, imene njinga siigunda, thanki ya madzi, ng'ombe ziwiri zokhota miyendo ndi sitima ya katundu. Amayi ake ankachita kumukalipira kuti nsima ikuzizira.

Ine ndinaphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta ku koleji ku Gweru, ndipo tsiku lina ndikumuonerera ndinazindikira chinthu chimene iye sankachidziwa. Njira iliyonse m'masewerawa imasungidwa ngati malemba. Ukadina batani lotulutsa njira, pamabwera mndandanda wa manambala ndi zilembo. Kamzere koyambira kamene njinga imaimapo kamalembedwa chonchi: -18 1i 18 1i. Ameneŵa ndi malo a nsonga ziwiri za mzerewo, olembedwa m'kawerengedwe ka 32 m'malo mwa ka 10 kamene tinazolowera. Zizindikiro zake zimayambira 0 mpaka 9, kenaka a mpaka v, kotero 18 ndi 40 ndipo 1i ndi 50. Mizere imalekanitsidwa ndi makoma, ndipo chizindikiro cha # chimalekanitsa mizere yakuda, mizere yotuwa ndi zinthu monga nyenyezi. Tanthauzo lake n'lakuti amene angathe kulemba manambalawo safunikanso kujambula. Angathe kuwalowetsa, njira n'kuonekera yokha.

Usiku umenewo ndinalemba kapulogalamu m'chinenero cha Python, mizere yosakwana 100. Ndinatenga masamu a mafunde, aja a sine amene tinkadana nawo ku sekondale, n'kusanjikiza mafunde aakulu ndi aang'ono kuti pakhale mapiri ndi timabampu. Ndinathiramo manambala ongotola mwachisawawa kuti phiri lina lisafanane ndi linzake. Ndinaika lamulo loti chitunda chisapitirire malire amene njinga ingakwere, ndi lina lobzala mitengo ndi udzu kumbuyo. Pakutha kwa maola atatu, ndikangodina batani limodzi pankatuluka njira ya mizere masauzande angapo m'kanthawi kosakwana kuphethira.

Kutacha ndinamuonetsa. Anayang'ana nkhalango ya mitengo yosawerengeka, tsamba lililonse lili pamalo pake, zitunda zosalala ngati zopala ndi lumo. Anakhala chete, kenaka anafunsa: "Amalume, zonsezi mwajambula nokha? Usiku umodzi?" Ine ndinati: "Ndapanga ndine." Sananenenso kanthu. Anaisewera kangapo, n'kundibwezera laputopu. Masiku otsatira njira yake ija ya ng'ombe zokhota miyendo sanaitsegulenso. Nditamufunsa anangoti: "Yanga ija ndi yachibwana."

Poyamba ndinkadziteteza mumtima. Ndinkati sindinaname. Palibe wina amene analemba pulogalamuyo, maganizo ake anali anga, ndipo pakanapanda ine njirayo sikanakhalapo. Khoti lililonse likanandipeza wosalakwa. Koma munthu ukayamba kudzitchinjiriza ndi khoti pa nkhani ya iwe ndi mwana wa mlongo wako, dziwa kuti penapake zavunda. Iye anafunsa za kujambula, ine ndinayankha za kupanga. Ndinasuntha funso pang'ono kuti yankho likhale loona, ndipo ndinachita zimenezi mofulumira ndithu, zomwe zikusonyeza kuti ndinkadziwa chimene ankafuna kudziwa ndi chimene sindinkafuna kuti adziwe. Ndinkafuna aone amalume ake ngati munthu wa manja odabwitsa.

Chichewa chathu chili ndi njira yachidule yonenera zoona pa nkhani ngati iyi, ndipo ine ndinaizemba. Timasiyanitsa kusoka ndi kusoketsa, kulima ndi kulimitsa, kumanga ndi kumangitsa. Amene wapita ndi nsalu kwa telala amati ndasoketsa. Amene waika aganyu m'munda amati ndalimitsa. Timaphatikizo tating'onoting'ono timeneti timanyamula nkhani yonse ya amene anafuna chinthucho ndi amene anachigwira ndi manja, ndipo sitichotsera ulemu aliyense wa iwo. Wosoketsa ndiye anasankha nsalu, anasankha kasokedwe, analipira, ndipo diresi ndi yake. Koma singano sanaigwire. Mawu amene ndinayenera kunena m'mawa uja ndi "ndajambulitsa". Mwanayo akanafunsa kuti mwajambulitsa kwa yani, ndipo pamenepo kukambirana kwabwino kukanayamba.

Wina anganditsutse kuti ngakhale m'Chichewa momwemo anthu amati "ndamanga nyumba" pamene njerwa anayala ndi mmisiri, ndipo palibe amawatcha abodza. Ndi zoona. Koma chimene chimawapulumutsa n'chakuti womverayo amadziwa kale mmene nyumba zimamangidwira. Mphunzitsi akanena kuti wamanga nyumba kumudzi, tonse timamva kuti wasonkhanitsa ndalama, wagula malata, waitana amisiri. Palibe amene amapita kunyumba akudziona wachabechabe chifukwa choganiza kuti mphunzitsiyo anayala njerwa zonse yekha Loweruka limodzi. Mawu amakhala oona kapena onyenga malinga ndi zimene anthu awiri oyankhulanawo akudziwira limodzi. Mnyamata wanga sankadziwa kuti kuseri kwa chithunzi kuli manambala. M'dziko limene iye ankalidziwa, njira iliyonse inali ya mausi ndi dzanja. Mawu anga anagwera m'dziko limenelo, ndipo mmenemo anali bodza. Anayeza milungu yake itatu ndi usiku wanga umodzi pa sikelo imodzi, n'kupeza kuti iye ndi wopanda mphatso.

Mpaka apa nkhani ndi yosavuta: ndinasocheretsa mwana, ndiyenera kukonza. Koma pansi pake pali funso lina limene landivuta kwambiri, loti kodi njirayo ndi yangadi. Funsoli limandibweza kwa agogo anga aamuna.

Somabhula ndi mphambano ya njanji. Njanji yaikulu yolumikiza Bulawayo ndi Salisbury, imene lero ndi Harare, inamalizidwa mu 1902. Mu 1928 anatsegula nthambi yochoka pano kupita ku Shabani, Zvishavane wa lero, kuti izinyamula asibesitosi. Ndipo mu 1955, m'nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anatsegula njanji yochoka pa Bannockburn kudzera ku Rutenga mpaka kumalire a Mozambique, yopita kudoko la Lourenço Marques, Maputo wa lero. Agogo anabwera okha, osadzera ku Mthandizi, wapansi kudutsa ku Tete, ndipo ntchito yawo yoyamba inali pa njanji yomalizayi, ya piki, fosholo ndi wilibala. Pambuyo pake analowa m'gulu lokonza njanji n'kukhazikika kuno. Ndili mwana, sitima ya katundu ikamadutsa usiku nyumba n'kumanjenjemera, ankakonda kunena kuti: "Njanji imeneyo tinamanga ndife."

Mabuku a mbiri sanena choncho. Amatchula maboma, makampani ndi mainjiniya. Ndipo mainjiniyawo akanati "tinamanga ndife" sakananama: iwo ndiwo anayeza nthaka, anasankha podutsa, anawerengera kuti chitunda chisakhale chachikulu kuposa chimene sitima yolemera ingakwere. Anthu ngati agogo sankadziwa masamu amenewo. Ankangouzidwa kuti kumbani apa mpaka chikhomo icho, thirani dothi apo mpaka chingwe ichi. Buku la Charles van Onselen lotchedwa Chibaro, la mu 1976, limafotokoza mmene migodi ya dziko lino inadalira anthu ochokera kumpoto kwa Zambezi, ambiri a ku Nyasaland, amene ankawerengedwa ngati manambala m'kaundula. Adzukulu awo ambiri anakula ndi ziphaso zowatcha alendo m'dziko lomwe anabadwira, mpaka malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anazindikira kuti obadwira muno mwa makolo ochokera m'maiko oyandikana nawo ndi nzika. Choncho ine ndinakula ndi chikhulupiriro chimodzi cholimba pa nkhani ya ntchito: chinthu ndi cha amene anachikhetsera thukuta. Wolemba mapepala mu ofesi ndinkamuona ngati wokolola pamene sanalime.

Ndiye taonani pamene ndinadzipeza usiku uja. Ndinali injiniya. Ndinaika malamulo, ndinati chitunda chisapitirire apa, ndipo china chake chinagwira ntchito yonse ya piki ndi fosholo. Mwana wa achemwali anga, wokoka mzere umodziumodzi mpaka dzanja kuwawa, anali kumbali ya agogo. Ngati muyeso wanga wakale uli woona, njira yanga si yanga, ndipo ine ndachita kwa mwanayo chimene ndinkadana nacho: ndatenga ulemu wa manja popanda kugwiritsa manja.

Ndaganizira fanizoli nthawi yaitali ndipo ndaona kuti limagwira mbali imodzi yokha. Cholakwa cha pa njanji sichinali chakuti ena ankaganiza ena n'kumakumba. Ntchito yaikulu iliyonse imagawidwa choncho, mutu umodzi susenza denga. Cholakwa chinali chakuti okumbawo anali anthu, a njala ndi mabanja ndi mayina, koma ankatengedwa ngati zida. Kompyuta yanga ndi chida chenicheni. Siitopa, ilibe kwawo kumene inasiya mkazi, siidzafunsa kuti dzina langa lili pati. Ada Lovelace, polemba mu 1843 za makina owerengera amene Charles Babbage ankafuna kupanga, ananena kale mfundo yoti makina otere sayambitsa kanthu paokha, amangochita zimene ife tadziwa kuwalamula. Za makompyuta a masiku ano anthu amatsutsana, koma za kapulogalamu kanga ka mizere yosakwana 100 mfundoyi ndi yoona kwathunthu. Palibe amene ndinamubera thukuta. Agogo akanakhala moyo n'kuona thirakitala ikuchita tsiku limodzi ntchito imene inawathyola msana kwa mwezi, sindikhulupirira kuti akanalira. Mwina akanati bwenzi itabwera kale.

Pamenepa ndinayamba kuona kuti chikhulupiriro changa chakale chinali ndi mbali yofooka. Thukuta palokha silipatsa chinthu mtengo. Amayi anga anasiya mtondo n'kuyamba kupita kuchigayo, ndipo palibe anawanena kuti nsima yawo ndi yachinyengo. Mlimi wa pulawo ya ng'ombe sanamize wa khasu. Telala wa makina si wakuba pamaso pa wosoka ndi manja. Tikanati chilichonse chopepukitsa ntchito n'chinyengo, bwenzi tikuyamikira umphawi umene makolo athu ankauthawa. Ndiponso maola anga atatu aja sanali atatu okha. Kumbuyo kwake kunali zaka zophunzira, usiku wambiri wolimbana ndi pulogalamu yokana kuyenda chifukwa cha kadontho kamodzi kosowa. Ntchito yanga inalipo, koma inachitika kale, pamalo ena, pamene mwanayo sanaione.

Nanga n'chifukwa chiyani mtima sunakhazikike ngakhale nditafika pa mfundo imeneyi? Ndikuganiza kuti n'chifukwa choti pali zinthu za mitundu iwiri. Zina timazifuna chifukwa cha zotsatira zake, monga ufa, njanji ndi denga losadontha. Pa zimenezi njira yachidule ndi dalitso. Koma zina timazifuna chifukwa cha kuchita kwake komweko. Wosewera bawo angathe kungotambasula dzanja n'kukokolola nkhomo zonse za mnzake, koma akatero sanapambane, wangosiya kusewera. Wa mpikisano wa njinga zakapalasa akakwera njinga yamoto afika msanga, koma kufika sikunali cholinga. Katswiri wa nzeru zakuya Bernard Suits, m'buku lake The Grasshopper la mu 1978, anafotokoza kuti kusewera ndiko kuvomera mwadala zopinga zimene ukanatha kuzizemba. Zopingazo ndizo masewerawo. Ukazichotsa sutsala ndi masewera osavuta, umatsala wopanda kanthu.

Mu Free Rider muli masewera awiri okhalira limodzi. Oyamba ndi opalasa, ndipo kwa wopalasa zilibe kanthu kuti chitunda chinachokera m'dzanja kapena m'masamu, bola chikhale chokoma kukwera. Achiwiri ndi ojambula, amene lamulo lawo losalembedwa n'lakuti mzere uliwonse wadutsa m'dzanja la munthu. Anthu akamasirira njira ya mitengo yambirimbiri, chimene amasirira kwenikweni ndi kudekha kwa amene anakhala pansi n'kujambula tsamba lililonse. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhalango yanga inkaoneka ngati umboni wa kudekha kumene kunalibe. Ndinalowa m'masewera a ojambula nditakwera njinga yamoto, osanena. Ndikanalowa poyera ngati wa masewera achitatu, olemba malamulo obala zithunzi, amene nawo ali ndi zopinga zawo ndi akatswiri awo, sipakanakhala vuto. Masewera otchuka monga Elite a mu 1984 ndi Minecraft amapanga maiko awo ndi masamu, ndipo palibe amawadzudzula, chifukwa sabisa. Vuto langa linali kubisa.

Pali chinanso chimene ndinachizindikira mochedwa, ndipo chinandichepetsa. Tsiku lina mwanayo kulibe ndinatsegula njira yake ija n'kuisewera, kenaka ndinasewera yanga. Yanga inali yokongola, koma pakatha mphindi imodzi unkayamba kuyasamula. Phiri, chigwa, phiri, chigwa, zosiyana maonekedwe koma zofanana mtima. Yake inali yokhotakhota, mizere ina yosakumana bwino, koma inkadziwa wopalasa. Pamene wayamba kudzidalira, pamakhala dzenje. Pamene wachita mantha n'kugwira buleki, m'pamene umafunika liwiro. Pambuyo pa malo ovuta anaika kamtunda kosalala koti upumirepo, ndipo ng'ombe zija anaziika pomwepo, pamene maso ali ndi mpata woziona. Ankadziwa zonsezi chifukwa chidutswa chilichonse anachigwerapo kambirimbiri. Pulogalamu yanga sinagwepo n'kamodzi komwe. Inkadziwa malire a chitunda, koma mantha a munthu sinkawadziwa, popeza ine sindinawalembemo, ndipo sindikanatha kuwalemba chifukwa sindinawaphunzire. Nzeru imeneyi imalowera m'manja. Agogo ankatha kumva ndi khutu, sitima ikamadutsa, kuti penapake chitsulo chamasuka. Injiniya anali ndi mapu, iwo anali ndi khutu, ndipo njanji inkafuna zonse ziwiri.

Ndinamuuza zoona Lamlungu lina titachoka kutchalitchi. Ndinamuitana, ndinatsegula pulogalamu, ndinadina batani katatu, ndipo njira zitatu zatsopano zinatuluka iye akuona. Ndinati: "Waona? Sindinajambule ine. Ndinajambulitsa kwa ichi. Unandifunsa bwinobwino, koma ndinakuyankha mokhota. Pepa." Kwathu si chizolowezi kuti malume apepese kwa mwana, ndipo iyenso zinamuvuta kulandira. Anayang'ana pansi nthawi yaitali, kenaka anati: "Nanga bwanji simunangonena, amalume?" Ndinalibe yankho labwino. Ndinangoti ndinkafuna kuti unditame. Anaseka pang'ono, kuseka kosafika m'maso.

Patapita masiku tinagwirizana zopanga njira imodzi tonse awiri. Iye ndiye anasankha Boterekwa, msewu wokhotakhota wotsika phiri kunja kwa Shurugwi polowera ku Zvishavane, umene aliyense wokwera basi kudera lino amaudziwa ndi m'mimba. Ine ndinatenga manambala a kutalika kwa nthaka ochokera ku ntchito ya SRTM: mu February 2000 chombo cha Endeavour chinazungulira dziko masiku 11 chikuyeza mapiri ndi zigwa ndi rada, ndipo kuyambira 2014 manambala a Africa otalikirana pafupifupi mamita 30 anatulutsidwa kuti aliyense awagwiritse ntchito mwaulere. Pulogalamu inasandutsa manambalawo kukhala mzere umodzi wautali, maonekedwe enieni a kutsika kwa phirilo. Titauyesa tinapeza kuti ndi wosasangalatsa. Msewu weniweni amaupanga kuti basi isagwe, pomwe masewera amafuna kuti ugwe pang'ono. Apa mpamene mwanayo anatenga mausi. Anadula apa, anakweza apo, anaika podumphira pamene msewu weniweni uli ndi khona loopsa, ndipo m'mbali anajambula mitengo ya misasa ndi maenje a makorokoza, anyamata okumba golide amene aboola mapiri a kumeneko. Zinamutengera milungu iwiri. Pofotokoza njirayo tinalemba mosabisa kuti mzere wa phiri unatuluka mu pulogalamu kuchokera ku manambala a rada, ndipo zina zonse ndi za dzanja lake.

Polemba mawu amenewo ndinaona kuti mndandanda wa eni ake ukanatha kutalika koposa. Python anaiyambitsa Guido van Rossum, n'kuitulutsa mu 1991, ndipo anthu ambirimbiri akhala akuikonza osalipidwa. Masamu a sine anadutsa m'manja mwa akatswiri a ku India ndi a maiko a Chiarabu zaka mazana ambiri zapitazo. M'laputopu momwemo muli zitsulo zimene wina anazikumba pansi, mwina m'dera ngati lathu lino. Palibe amene angatchule onse, ndipo sindikuganiza kuti chilungamo chimafuna zimenezo. Chimene chimafuna n'chochepa koma chovuta: usasiye munthu akukhulupirira za iwe chinthu chimene ukudziwa kuti si choona, makamaka ngati chikhulupirirocho chikumuchepetsa iye. Funso loti chinthu ndi cha yani nthawi zambiri lilibe yankho la dzina limodzi. Koma funso loti iwe unachitapo chiyani lili ndi yankho nthawi zonse, ndipo umalidziwa.

Sindinganene kuti zonse zinabwerera m'malo mwake. Mwanayo tsopano akufuna kuphunzira Python, ndipo ndikumuphunzitsa Loweruka lililonse. Amagwira msanga kuposa mmene ine ndinkachitira. Ndiyenera kukondwa, pakuti luso limeneli lingadzamudyetse m'dziko limene migodi imatsegulidwa ndi kutsekedwa osafunsa munthu. Koma ndaona kuti akafuna mtengo masiku ano sayambanso ndi mausi. Amayamba ndi kufunsa kuti lamulo lake lingakhale lotani. Atadziwa kuti njira yachidule ilipo, yaitali ija yayamba kumulemera, ndipo chimenechi sindingachibweze ngakhale nditapepesa kangati. Mwina akanazidziwa ndithu tsiku lina kwa wina. Komabe ndine ndinamutsegulira khomo, ndipo ndinalitsegula moipa.

Njira yake yoyamba ija ndinaisunga. Ndinatulutsa manambala ake n'kuwaika m'fayilo, ndipo nthawi zina ndimawayang'ana. Manambala a pulogalamu yanga amayenda mwadongosolo, mtunda wofanana pakati pa nsonga iliyonse ndi inzake. Ake ndi osalongosoka: apa atalikirana, apa athithikana khumi pamalo amodzi pamene dzanja linkanjenjemera pokhota mwendo wa ng'ombe. Sabata yatha ndinamuonetsa malo amenewo n'kumufunsa ngati angalembe lamulo lotulutsa zoterozo. Anaganiza kwa kanthawi, n'kunena kuti angathe kuthira manambala achisawawa kuti mzere uzinjenjemera. Kenaka anawonjeza yekha kuti: "Koma ndikatero ndiyenera kunena, eti amalume?" Ndinati eya, uyenera kunena.